Za Estonia zija mwasiyapo mbali ina

A mtolankhani, m'nkhani yanu mwatamanda Estonia, dziko la ku Ulaya, kuti kumeneko anthu amavota pa intaneti kuyambira 2005 ndipo maofesi a boma amatumizirana zinthu pa X-Road, njira yolumikizira makompyuta awo, popanda munthu kuyenda ndi mapepala, zoona ndithu, koma bwanji za 2017 simunazitchule? Chaka chimenecho akatswiri a pa Masaryk University ku Brno, dziko la Czech, anapeza kuti tchipi cha kampani ya Infineon chomwe chinali m'ma ID aku Estonia chinali ndi vuto loti munthu wanzeru atha kuwerengera kiyi yachinsinsi ya mwini khadi, yomwe imatsimikiza pa intaneti kuti ndi iyedi, nde boma linaimitsa kaye makadi oposa 700,000 pa intaneti mu November, anthu nkumavutika kupanga update ena mpaka kukaima pamzere ku polisi. Dziko la anthu 1.3 miliyoni basi!

Chomwe chinandisangalatsa ine nchakuti boma silinabise, linauza anthu poyera ndipo ofufuzawo palibe anawaopseza. Inu anzanga mukulemba pansipa kuti "tingogula sistemu ngati yawoyo", tandiuzeni kaye, ikadzapezeka ndi chibowo adzaione ndani, yunivesite yake iti yomwe idzaloledwe kuisuzumira mkati?