Phulusa la zinyalala musalithire m'dimba

Utsi wa ku Mzedi, kumene mzinda wa Blantyre umataya zinyalala, ukavuta, anthu ambiri amanena kuti tingogula makina ootchera zinyalala ngati a ku Ulaya, nkhani ithe. Ine makinawo sindikuwakana. Koma amene akuwafunawo ayambe ationetsa kumene phulusa lake lizikapita.

Moto sumeza chilichonse. Pa matani 100 a zinyalala zootchedwa, pafupifupi matani 20 mpaka 25 amatsala pansi pa ng'anjo. Phulusa lapansili ladzaza magalasi, mchenga, laimu, zidutswa za chitsulo ndi aluminiyamu. Ku Netherlands amachotsamo zitsulozo, zotsalazo n'kuzitsuka, kenako n'kumangira misewu.

Loopsa ndi lina lija lopepuka, limene limauluka ndi utsi n'kukakodwa m'masefa. Ndi lochepa, matani osapitirira asanu, koma m'menemo ndi mmene mumaunjikana mtovu, cadmium, zinc, mercury ndi ma dioxin, poizoni amene amapangika zinthu za chlorine, monga mapaipi a PVC, zikamapsa. Dziko la Germany limakwirira phulusa lotere m'migodi yakale ya mchere. Norway imakalisunga pachilumba cha Langøya. Mayiko a ndalama zawo amenewo, koma akuliopa chonchi.

Ena anayesapo zachidule. Mu 1986 sitima yotchedwa Khian Sea inanyamula matani pafupifupi 14,000 a phulusa la zinyalala za mzinda wa Philadelphia ku America, mayiko n'kumaikana doko ndi doko. Mu 1988 inakatsitsa matani 4,000 pagombe la Gonaïves ku Haiti, ati ndi feteleza. Ku Byker, mumzinda wa Newcastle ku England, phulusa la ng'anjo analimwaza m'tinjira ta m'minda ya anthu, ndipo pofika 2000 mazira a nkhuku za kumeneko anapezeka ndi dioxin wochuluka.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwathu kuno n'chakuti phulusa timalikhulupirira. Timatchezera chidulo cha therere, timathira m'chimbudzi, timasakaniza ku manyowa. Zonsezo n'zabwino ngati ndi phulusa la nkhuni kapena zitsononkho. Koma dzala la masiku ano muli majumbo, mabatire a tochi, matewera a ana ndi mawaya. Moto wa padzala sufika n'komwe pa madigiri 850 amene malamulo a ku Ulaya amafuna, ndipo moto wonyekera chonchowo ndi umene umabala dioxin kwambiri. Ndiye wina awole phulusa limenelo akathire pa bedi la mpiru, nkhuku nazo zizipalasa pomwepo.

Khonsolo iliyonse imene ikulota za ng'anjo itiuze poyera: phulusa la m'masefa adzaliyeza ndani, ndipo adzalikwirira m'dera la mfumu iti?