Khonsolo ikatiitana kudzasesa, iziyankhanso makalata athu

Maganizo anga lero ali pa ubale wa makhonsolo a mizinda yathu ndi makomiti a anthu wamba omwe amadzipereka kusamalira ndi kukongoletsa madera awo. Ndikunena magulu aja a amayi ndi abambo a m'dera limodzi, achinyamata a kumpingo ndi kumzikiti, eni mashopu a mumsewu umodzi, omwe amagwirizana zosesa, kutsegula ngalande, kudzala mitengo ndi maluwa popanda wowalipira. Magulu otere akafa, ena amati vuto ndi ndalama, ena amati Amalawi ndife osasamala. Ine ndikukana. Chomwe chimawapha msanga ndi kusayankhidwa. Khonsolo ikafuna manja ogwira tsache imadziwa kokawapeza, koma anthu omwewo akalemba kalata yopempha galimoto yodzatenga zinyalala, kapena yofunsa ngati angadzale mitengo pamalo akuti, kumangokhala zii.

Ntchito yoyeretsa mizinda taiyambapo kangapo m'dziko muno. Mu 2014 Mayi Gertrude Mutharika adakhazikitsa bungwe la Beautify Malawi, lomwe ambiri tinkalidziwa kuti BEAM. Mu Novembala 2020 Pulezidenti Lazarus Chakwera adakhazikitsa tsiku loyeretsa dziko, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Zolinga zake zinali zabwino, ndipo anthu ankatuluka ndithu ndi masache, mafosholo ndi mawilibala. Koma uthenga wake unkayenda njira imodzi yokha, kuchokera kumwamba kutsikira kwa ife. Tinkauzidwa tsiku, nthawi ndi malo. Pomaliza akuluakulu ankalankhula, atolankhani n'kujambula, aliyense n'kubalalika. Nthawi yoti wosesa uja anene chomwe waona m'ngalande imene watsegulayo siinkapezeka.

M'dera lomwe ndimakhala tili ndi komiti yotere, ndipo ndimagwira nayo ntchito. Chaka china mvula ili pafupi tidagwirizana zotsegula ngalande yaikulu yodutsa kuseri kwa msika. Tidalemba kalata, mlembi wathu adakaipereka yekha, adamudindira chidindo pa kope lake kusonyeza kuti yalandiridwa. Pa tsikulo anyamata adalowa m'ngalandemo atavala majombo obwereka, ena atangomanga majumbo kumapazi. Adavuula matope akuda bii, mabotolo, matewera a ana, masaka owola, mpaka matayala. Mayi wina wogulitsa tomato adatiphikira thobwa osalandira kanthu. Tidaunjika zonsezo m'mbali mwa msewu milu milu kudikira galimoto. Galimoto siidabwere, ndipo palibe adatiuza kuti siibwera. Milu ija idauma, mbuzi ndi agalu adaifukula, ndipo mvula yoyamba idakokolera zonse m'ngalande momwe zidachokera. Msonkhano wotsatira anthu adabwera ochepa. Bambo wina wachikulire adangoti, "Ana anga, ife tatungira madzi m'dengu." Sindidamutsutse.

Chondiwawa pa nkhaniyi si galimoto. Tonse tikudziwa kuti makhonsolo ali ndi magalimoto ochepa, kuti mafuta amasowa, kuti eni nyumba ambiri sapereka msonkho wa malo. Akadatiimbira lamya n'kunena kuti sabata ino galimoto yafa, dikirani, bwenzi titasuntha tsiku, kapena kusonkha ndalama n'kuchita hayala lole yathu. Yankho loti "ayi" munthu amatha kuchitapo kanthu. Kukhala chete ndi kumene kumafoola nkhongono.

Pali chinanso chomwe makomiti ambiri sadziwa, ndipo khonsolo siiwafotokozera. Khonsolo ili ndi makomo awiri. Kuli makhansala omwe timawasankha m'mawodi, omwe amasankhana okha mfumu ya mzinda, ndipo amakambirana nkhani m'makomiti awo monga ya zachuma, ya zomangamanga, ya zaumoyo ndi zachilengedwe, motsatira lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998. Kulinso ogwira ntchito olembedwa, otsogozedwa ndi mkulu wa khonsolo, omwe ndiwo ali ndi makiyi a galimoto, nazale ya mbande ndi mapu osonyeza malo a khonsolo. Mukauza khansala pamaliro kapena pamsika, iye avomera ndi mtima wonse, koma sangalamule dalaivala. Mukapereka kalata ku ofesi, ikhoza kugona m'faelo khansala osaidziwa. Komiti imangozungulira pakati pa makomo awiriwa, uku akuti pitani uko, uko akuti bwererani kuja.

Tisaiwalenso kuti dziko lino lidakhala opanda makhansala kuchokera mu 2005 mpaka chisankho cha 2014. Zaka 9 zimenezo maofesi a khonsolo adazolowera kugwira ntchito popanda wofunsa m'malo mwa anthu, ndipo ifenso tidazolowera kuti nkhani ya ngalande timakadandaula kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo. Ndikukhulupirira kuti chizolowezi chimenecho sichidatheretu mbali zonse ziwiri.

Nthawi nayonso imatisemphanitsa. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo kuyambira mu 2022. Ndiye komiti ikapita kukapempha mbande, manyowa ndi waya wotchingira mitengo mu Disembala, mvula itagwa kale, imapeza kuti ndalama za chakacho adazigawa kalekale ndipo zili kumapeto. Pempho lotere limayenera kufika bajeti isanamangidwe. Ndani amauza amayi a m'komiti zimenezi? Kakalata kamodzi kochokera ku khonsolo konena kuti "tumizani mapulani anu a chaka chamawa pofika tsiku lakuti" kakhoza kusintha zambiri, ndipo mtengo wake ndi pepala basi.

Nkhani ya mitengo ya mumsewu wa Kenyatta ku Lilongwe ambiri tikuikumbukira. Mu 2021, pokonzekera kukuza msewuwo kuti ukhale wa mizere 6, mitengo yambiri ya m'mbali mwake idagwetsedwa, ndipo anthu adakwiya kwambiri pa Facebook ndi m'manyuzipepala. Ntchitoyo inali ya boma, siinali ya khonsolo yokha, ndipo msewu waukulu mzindawo unkaufunadi. Koma anthu ochuluka adadziwa za kudulako ataona zitsa. Mitengo imene anthu oyenda pansi ndi akabaza ankapumirapo dzuwa la mu Okutobala idapita iwo asanafunsidwe kuti ndi iti ingapulumuke, nanga yolowa m'malo mwake idzadzalidwa kuti ndipo adzaithirira ndani. Pakadakhala gulu la nzika lodziwika bwino, loti aliyense wofuna kugwetsa mitengo ya mumzinda ayambe walionetsa mapulani, mkwiyo uja ukadasanduka zokambirana ntchito isanayambe. Mwina mitengo yambiri ikadagwabe, koma anthu akadadziwa chifukwa chake ndi chomwe alonjezedwa.

Anthu amakonda kutchula Kigali tikamakamba za ukhondo, ndipo amatchula misewu yoyera ndi kuletsedwa kwa majumbo. Ine chimene ndimasirira ndi china. Ku Rwanda ntchito ya umuganda, yomwe anthu a m'dera amagwirira limodzi monga kusesa, imachitika Loweruka lomaliza la mwezi, m'mawa, ndipo akamaliza anthu amakhala pansi ndi atsogoleri a dera lawo kukambirana mavuto a kumeneko. Kukakamiza anthu ndi chindapusa monga amachitira kumeneko ine sindikukufuna kuno. Koma kukhala pansi kuja, thukuta lisanaume, wa ku ofesi ali pompo kuti afunsidwe, ndi mbali imene ife tidaisiya potengera nzeruyi.

Makomiti athunso ali ndi zofooka zawo, ndipo ndizinena chifukwa ndimaziona. Timadandaula kwambiri pa gulu la WhatsApp, pomwe palibe wa khonsolo ngakhale mmodzi, kenako n'kumati tanena. Maminitsi sitilemba. Wapampando akasamuka, mbiri yonse ya zomwe tidapempha imasamuka naye. Nthawi zina timadzala mitengo ikuluikulu ngati m'bawa pansi pa mawaya a magetsi kapena pamwamba pa mapaipi a madzi, osafunsa, ndiye ikadulidwa patapita zaka timalira kuti atilakwira. Choipa kwambiri ndi pamene komiti yasanduka ya chipani. Khansala akasankha yekha anthu ake, ena onse amaiona ngati gulu la kampeni, ndipo chisankho chikasintha zinthu komitiyo imafa limodzi ndi maluwa ake. Komanso kukongoletsa kusakhale dzina lobisalirako pothamangitsa mavenda. Mayi wogulitsa zitumbuwa pakona ndi amene amakhala pamalopo tsiku lonse, ndipo akakhala m'komiti ndiye mlonda woyamba wa kamtengo kadzalidwa pamenepo.

Zomwe ndikupempha kwa makhonsolo a Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba si zodula. Komiti iliyonse yodziwika ipatsidwe munthu mmodzi wa ku ofesi, dzina lake ndi nambala yake zidziwike, kuti kalata ikapita tidziwe amene waisunga. Kalata iliyonse iyankhidwe polemba m'masiku oikika, ngakhale yankho likhale lokana, bola anene chifukwa. Ndipo nthumwi ya makomitiwa izipatsidwa mpata wolankhula, ngakhale mphindi 10 zokha, pamsonkhano wa komiti ya khonsolo yoona za umoyo ndi chilengedwe, zonenedwazo zilowe m'maminitsi kuti msonkhano wotsatira zifunsidwenso. Chimenechi ndiye ndikuchilimbikira kwambiri, chifukwa lonjezo la pakamwa limatha ndi kusintha kwa anthu m'maudindo, pomwe lolembedwa m'maminitsi wolowa m'malo amalipeza. Mbali inayo, khonsolo isanadule mitengo, isanasunthe chibini cha zinyalala, isanapereke kamalo kopumulirako anthu kwa womanga, iyambe yadziwitsa komiti ya deralo, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, osangomata chidziwitso cha Chingerezi pa bolodi la ku ofesi kumene ambiri safikako.

Ife a m'makomiti tilinso ndi chida chomwe sitichigwiritsa ntchito. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo makhonsolo ali m'gulu la maofesi omwe lamuloli limawakhudza. Tili ndi ufulu wofunsa polemba kuti chaka chino adaika ndalama zingati zotolera zinyalala, galimoto imayenera kufika m'wodi mwathu masiku ati, malo akutiakuti ndi a ndani. Kufunsa zotere si mwano kapena ndale.

Wina anena kuti dziko lili ndi mavuto aakulu, maluwa ndi a anthu okhuta. Koma ntchito yaikulu ya makomitiwa ndi ngalande, zinyalala ndi mitengo. Kolera yomwe idabuka mu Malichi 2022 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe ndi Blantyre adali m'gulu la madera okhudzidwa kwambiri. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kutsikira pa nyumba za anthu ku Chilobwe. Amene amadziwa kuti ngalande iyi yatsekeka, kuti pamtunda apa mitengo yatha, kuti mulu uwu wa zinyalala uli pafupi ndi chitsime, ndi anthu okhala pomwepo, ndipo amazidziwa miyezi ingapo ofesi isanamve. Khonsolo ilibe antchito okwanira kuyendera ngalande iliyonse mumzinda, koma ili ndi anthu odzipereka omwe akuiuza zimenezi kwaulere.

Ngati muli m'komiti yotere kwanuko, msonkhano ukubwerawu sankhani mlembi, gulani kope lolembamo maminitsi, ndipo kalata iliyonse muzilemba makope atatu: la ku ofesi, la khansala, ndi lanu lodindidwa chidindo ndi tsiku. Pakatha masabata awiri osayankhidwa, pitani anthu awiri kapena atatu mukafunse dzina la amene ali nayo. Ndipo inu a khansala ndi ogwira ntchito ku khonsolo amene mukuwerenga pano, tiuzeni poyera: kalata ya komiti ikalandiridwa pakhomo lanu, imadutsa m'manja mwa ndani, nanga yankho tiziliyembekezera pakatha masiku angati?