Chiswe chikudya mayina a makolo athu

Loweruka lapitali tinali kukonza m'kachipinda kosungira katundu pa mpingo wathu kuno ku Lusaka. Pansi pa mabenchi othyoka tinapeza katoni yonyowa, m'katimo muli buku la ubatizo ndi mabuku awiri a maminitsi a akulu a mpingo. Masamba ena anamatana ndi chinyontho. Pena chiswe chinaboola njira pakati penipeni pa mayina. Pamene panatsala, dzanja la mlembi likuonekabe bwino: dzina la mwana, makolo ake, mudzi ndi mfumu yakwawo, uyu kwa Mpezeni, uyu kwa Kawaza. Amayi ena a Chigwirizano anawerenga dzina la malemu amayi awo, nangokhala pansi osayankhula.

Mtima unandiwawa. Mpingo wathu wa Reformed Church in Zambia (RCZ) unayamba mu 1899 ku Magwero, pafupi ndi Chipata. Makalata ndi malipoti ambiri a amishoni a Dutch Reformed amasungidwa mosamala ku Stellenbosch, ku South Africa. Zolemba za Azibambo Oyera, amishoni a Katolika, ofufuza amakaziwerenga ku malo awo otchedwa FENZA, ku Bauleni konkuno. Nanga zomwe analemba alaliki, aphunzitsi ndi alembi athu m'Chinyanja chawochawo? Zili m'makatoni, pansi pa denga lodontha. Wophunzira wa pa yunivesite ya Justo Mwale kapena ya UNZA akafuna kulemba mbiri ya mpingo, adzangomva mawu a mmishoni, chifukwa mawu a agogo athu tawasiyira chiswe ndi makoswe.

Ndikudziwa nkhawa ya akulu ena: m'maminitsi muli milandu ya anthu, wakuti anaimitsidwa Mgonero, banja lakuti linatha. Nkhawayo ndi yoona. Masamba oterowo atsekedwe mpaka papite zaka zomwe sinodi ingagwirizane, koma asaole.

Abusa athu ndi inu akulu a mpingo, pa zopereka zomangira mpanda tipatuleko ya kabati yachitsulo. Mabuku achoke pansi, atalikire khoma, ndipo chonde musamate ndi selotepi, imaononga pepala. Achinyamata ali ndi mafoni, ajambule tsamba ndi tsamba, kope lina likasungidwe ku sinodi. A ku National Archives ku Ridgeway angatilangize kasungidwe kake.

Katoni ija ndaiyanika pamthunzi kunyumba kwa abusa. Loweruka likubwerali tiyamba kujambula buku la ubatizo, amene ali ndi foni yojambula bwino abwere.