Mbira ikasiya kutsokomola, sindiye kuti munthu achira

Ntchito yoyesa mankhwala azitsamba a chifuwa pa nyama ndimaivomereza, koma ndimadandaula ndi momwe zotsatira zake zimafikira kwa anthu wamba.

Ofufuza amakonda kugwiritsa ntchito mbira chifukwa zimatsokomola mofanana ndi munthu. Amaviika masamba kapena makungwa kuti atulutse mphamvu yake, n'kumwetsa mbira zingapo. Pakapita kanthawi, mbira iliyonse amaiika m'kabokosi koonekera m'kati, n'kupoperamo nkhungu ya asidi wa mtundu wopezeka m'mandimu, amene amayabwa kukhosi, ndipo wofufuza amakhala pambali n'kumawerenga kuti yatsokomola kangati. Chiwerengerocho amachiyerekeza ndi cha mbira zosamwa mankhwala komanso cha zomwe zapatsidwa codeine, mankhwala achipatala odziwika oletsa kutsokomola. Poyesa pa nyama amaonanso mlingo umene umayamba kuwononga chiwindi ndi impso, zomwe munthu wowiritsa mizu mumphika sangazione ndi maso.

Zitsamba si zopeputsa. Codeine yemweyo anapezeka mu 1832 kuchokera ku chomera cha poppy, ndipo bromhexine, amene ali m'mankhwala ambiri a chifuwa a m'mafamase, anapangidwa potengera zopezeka m'masamba a vasaka, chitsamba chimene anthu a ku India akhala akumwa kuyambira kalekale. Masamba a bulugamu amene timafukiza nawo odwala chimfine akuyeneranso kufufuzidwa mwakhama chomwecho.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti mbira ya m'kabokosi ija siidwala ayi. Ndi nyama yabwinobwino imene yangoyabwidwa kukhosi kwa mphindi zochepa, pamene chifuwa cha munthu chimatha kubwera ndi chimfine, mphumu, chibayo kapena TB. Alipo mankhwala amene analetsa mbira kutsokomola koma atayesedwa pa anthu sanathandize. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikamva wogulitsa mabotolo m'basi akukuwa kuti mankhwala ake anayesedwa ndi asayansi, osanena kuti anayesedwa pa chiyani.

Ngakhale mankhwalawo atatontholetsadi chifuwa, tizilombo ta TB timapitirizabe kudya mapapo ndi kufalikira kwa ana amene wodwalayo amagona nawo nyumba imodzi. Munthu amene watsokomola milungu iwiri, akutuluka thukuta usiku ndiponso akuwonda, apite kukayezetsa makhololo, ndipo m'zipatala za boma kuyezetsako n'kwaulere.