Mzinda wa Trier umafuna miyendo, osati windo la basi

Abale anga amene muli kuno ku Ulaya, kapena amene mudzabwere kudzacheza, ndimvereni. Mukadzafika ku Trier, mumzinda wa ku Germany uja woyandikana ndi Luxembourg, musadzakwere kasitima kamatayala konyamula alendo kaja, ngakhale basi yozungulira mzinda. Valani nsapato zabwino muyende pansi.

Ndikudziwa, ife kwathu woyenda pansi ndi amene wasowa ya minibasi. Inenso ndinanyinyirika mnzanga atanena kuti tsiku lonse tiponda. Koma zimene ndinaona sindikanaziona pawindo.

Kuchokera pa siteshoni ya sitima ndi mphindi ngati 10 kukafika pa Porta Nigra, chipata chachikulu chimene Aroma anamanga cha m'ma 170, Yesu atabadwa kale. Dzinalo ndi la Chilatini, kutanthauza chipata chakuda, chifukwa miyala yake inada ndi zaka. Uli patali umangoti chimwala chakuda basi, jambula, tiyeni. Koma yandikirani, muchigwire. Palibe simenti kapena dothi lomangira. Miyala ikuluikulu anangoisanjikiza n'kuilumikiza ndi zitsulo. Ndiye mudzaona mabowo m'khoma, ngati pamene mbewa zadya. Amenewo anagoba ndi anthu a zaka zapambuyo pofuna kuzula zitsulo zija akasulire zinthu zina. Ndinaseka ndekha. Wakuba zitsulo sanayambe lero.

Chimene chandichititsa kulemba n'chakuti chipata chimenechi sichinapulumuke chifukwa anthu ankachilemekeza. Mzindawu unali ndi zipata zinayi, zitatu zija anaziphwasula n'kutenga miyala kukamangira nyumba. Ichi chinatsala chifukwa mmonke wina dzina lake Simeon anadzitsekera m'katimo kuti azipemphera, mpaka anamwalira momwemo mu 1035. Atamwalira, chipata chinasanduka tchalitchi, ndipo palibe amene akanayerekeza kugumula nyumba ya Mulungu. Patapita zaka mazanamazana, Napoleon, wolamulira wa dziko la France, anafika mu 1804 n'kulamula kuti zatchalitchi zichotsedwe, chibwerere m'maonekedwe ake achiroma. Sanachotse zonse. Mukazungulira mbali ya kum'mawa mudzaona chigawo cha tchalitchi chikadali chomatirira pa chipatacho. Kasitima kaja sikakudikirani kuti muzungulire.

Ukayenda pansi umayamba kuona kuti mzinda wonse ndi wotero: chinthu chimakhalapo chifukwa wina anachipezera ntchito. Holo yachifumu ya Constantine, mfumu ya Aroma, yomangidwa ndi njerwa cha m'ma 310, yotalika mamita 67 ndipo denga lake lili mamita oposa 30 kuchokera pansi, popanda mzati ndi umodzi womwe pakati, lero ndi tchalitchi cha Apulotesitanti. Ndinakhala pa benchi m'menemo khosi mpaka kuwawa. Kunja kwake anamatako nyumba ya pinki yokongoletsedwa mopyola, imene ankakhalamo mabishopu olamulira dera. Kunena zoona, zinthu ziwirizi sizigwirizana ngakhale pang'ono, zili ngati munthu wavala suti ndi chitenje cha pa ukwati nthawi imodzi. Koma ndi momwe ziliri.

Mlatho wa pa mtsinje wa Mosel ndiwo unandithetsa mankhalu. Mizati yake ndi ya Aroma, ya zaka za m'ma 100, ndipo mpaka lero magalimoto ndi mabasi akudutsa pamwamba pake. Ukakhala m'galimoto sudziwa n'komwe kuti wadutsa pa chiyani. Uyenera kutsikira m'mbali mwa madzi, uyang'ane kunsi kwake.

Pa msika waukulu, Hauptmarkt, pali mtanda wokumbutsa chaka cha 958. Pafupi pomwepo pali tchalitchi chachikulu cha Dom, chimene chiyambi chake ndi cha zaka za m'ma 300, ndi china cha Liebfrauenkirche chogundana nacho. Pamenepo sindinakhalitse, anthu anali pikitipikiti. Ndinakhala pansi kumwa Viez, vinyo wa maapozi wa kumeneko. Ndi wowawasa ngati bwemba. Mnzanga anamukonda, ine ayi.

Karl Marx, wolemba mabuku amene maganizo ake ndiwo maziko a chikomyunizimu, anabadwira mumzinda womwewu pa 5 Meyi 1818, m'nyumba ya mu msewu wa Brückenstraße imene pano ndi yosungiramo mbiri yake. Mu 2018 dziko la China linapereka chiboliboli chake chachitali mamita oposa 5 kuphatikiza tsinde lake, ndipo anthu a mu Trier anakangana kaye ngati n'koyenera kuchilandira. Chaima pafupi ndi Porta Nigra pomwepo. Banja lawo linasamukira ku nyumba ina ya mu Simeonstraße Marx ali khanda, moti mwanayo anakula akuona chipata chakuda chija tsiku ndi tsiku.

Ndiye pali timiyala tina ta m'misewu. Mukuyenda, yang'anani pansi. Patsogolo pa makomo ena pali timiyala tokutidwa ndi chitsulo chonyezimira, totchedwa Stolpersteine, tolembedwa dzina la munthu amene ankakhala pamenepo, chaka chimene anabadwa, ndi kumene a Nazi, chipani cha Hitler, anamutengera. Ambiri anali Ayuda. Kuti uwerenge uyenera kuwerama. Ndinapeza tingapo pamodzi, onse a dzina limodzi, banja lathunthu. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa pa nyumba ina iliyonse ya mafumu, ndipo mnzanga anachita kundikoka mkono.

Wina anena kuti nanga okalamba ndi odwala miyendo? Zoona, amenewo akwere, n'chifukwa chake kasitimako kalipo. Misewu ya miyala ija imapwetekanso mapazi, ndipo pokafika ku bwalo lamasewero la Aroma, m'munsi mwa phiri la Petrisberg, ine ndinali nditatuluka thuza ku chidendene. Koma iwe mnyamata wa zaka 30, amene kwanu unkapita ku chigayo ndi thumba pamutu, ukwereranji?