Kukana Mlandu wa Pamsewu Kumawawa Kuposa Chindapusa

Chimene chimandipweteka mtima pa nkhani ya matikiti a apolisi a pamsewu n'chakuti dalaivala amene sanalakwe amavutika kwambiri kuposa wolakwa. Wolakwa amalipira chindapusa, amalandira risiti, n'kupitiriza ulendo wake. Koma amene wakana kuti sanapyole liwiro lovomerezeka, kapena amene akunena kuti chikwangwani chinabisika ndi nthambi za mtengo, amayenera kusiya ntchito yake n'kukakhala pa benchi ya khoti kuyambira m'mawa, tikiti itapindika m'thumba, kudikira kuti dzina lake liitanidwe pakati pa milandu yambirimbiri.

Nthawi yake ikakwana, si zachilendo kumva kuti wapolisi amene analemba tikitiyo sanabwere, choncho mlandu waimitsidwa mpaka tsiku lina. Woimba mlandu ndiye ayenera kupereka umboni, ndipo ngati liwiro linayesedwa ndi makina, woimbidwa mlanduyo ali ndi chifukwa chomveka chofunsira ngati makinawo anaunikidwa posachedwa kuti akuwerenga molondola. Koma funso limeneli angalifunse kwa yani pamene mboni yaikulu palibe? Akajomba iyeyo, khoti likhoza kumulanga. Akajomba wapolisi, dalaivalayo amangouzidwa kuti adzabwerenso.

Ndalama zoyendera pamodzi ndi malipiro a masiku otayika zimatha kuposa chindapusa chenichenicho, moti anthu ena amangolipira akudziwa bwino lomwe kuti sanalakwe. Ine ndikuona kuti wapolisi akalephera kubwera popanda chifukwa chomveka, woweruza azithetsa mlanduwo tsiku lomwelo.