Chenjezo kwa Akuluakulu a Zigawo za ku America: Ndalama za Misewu Si Zodulira Riboni

Sabata yathayi ndinakhala nawo pa msonkhano wa anthu a m'dera limene ndimakhala kuno ku America, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi. Akuluakulu oyang'anira misewu anabwera ndi zithunzi zokongola zoonetsa mmene akufunira kukulitsira msewu wolowera m'tauni pogwiritsa ntchito ndalama zochokera ku boma lalikulu la ku Washington. Mayi wina wachikulire anaimirira n'kufunsa za mlatho waung'ono umene basi ya ana a sukulu imadutsapo m'mawa uliwonse, umene mipope yake yotayira madzi inatsekeka kalekale ndi masamba ndi mchenga, moti kunsi kwake kumangodontha madzi ofiira ndi dzimbiri. Anawayankha kuti nkhani imeneyo ndi ya bajeti ina, ya chaka china, ndipo anthu anaombera m'manja zithunzi zija msonkhano n'kutha. Kodi anthu akuluakulu, ophunzira, olipidwa ndi misonkho yathu, angayankhe chotero nkhope zili gwaa? Nanga ife oombera m'manjafe tinali kuombera chiyani?

Inu abwanamkubwa a zigawo, inu aphungu a nyumba za malamulo za m'zigawomo, inu akuluakulu a madipatimenti a zamtengatenga, mukudziwa bwino kuti aka si koyamba kuti ndalama zotere zikugwereni m'manja. Pa 17 February 2009, chuma cha dziko lino chitagwa ndipo anthu akuchotsedwa ntchito mwaunyinji, Pulezidenti Barack Obama anasainira lamulo lodzutsira chuma la madola 787 biliyoni. Mwa ndalamazo, pafupifupi 48 biliyoni zinapita ku zamtengatenga, ndipo 27.5 biliyoni zinali za misewu ndi milatho yokha. Nthawi zambiri boma lalikulu limalipira magawo 80 pa 100 a ntchito ya msewu, kapena 90 pa misewu ikuluikulu yolumikiza zigawo, inu n'kusonkhapo zotsalazo. Koma chaka chimenecho munauzidwa kuti simusonkhapo kanthu. Mwa zimene anakupemphani munali zinthu ziwiri izi: kuti theka la ndalamazo mulipezere ntchito m'masiku 120, ndiponso kuti musachepetse ndalama zanuzanu zimene munakonza kale kuika pa misewu. Kodi lonjezo lachiwirili nonse munalisunga? Zigawo zina zinalephera, ndipo ndalama zimene zinabwera kudzawonjezera zinangotseka dzenje limene eni ake anakumba. Pa liwiro lija, ntchito yochuluka inali yothira phula latsopano pamwamba, chifukwa ndiyo imafulumira, imaoneka, ndipo pambali pake mumatha kuimikapo chikwangwani. Pulezidenti Obama yemweyo anadzavomera pambuyo pake kuti ntchito zongodikira fosholo, kutanthauza zokonzeka kuyamba nthawi yomweyo, zimene zinkatchulidwa tsiku ndi tsiku, kwenikweni kunalibe. Kodi phunziro limenelo linalowa m'khutu liti?

Pa 15 November 2021 Pulezidenti Joe Biden anasainira lamulo lina lalikulu koposa, la madola 1.2 thililiyoni, lokhala ndi ndalama zatsopano zokwana 110 biliyoni za misewu ndi milatho, ndipo linaikidwa kuti lithe pa 30 September 2026. Ndalama zokhala ndi tsiku lothera mukuzigwira ngati kasupe wosaphwa! Nthambi ya boma lalikulu yoona za misewu italemba kalata mu December 2021 yolangiza kuti muyambe mwakonza zimene muli nazo musanamange zatsopano, gulu la abwanamkubwa linakwiya n'kunena kuti Washington isawaphunzitse ntchito, mpaka kalatayo inachotsedwa mu 2023. Ufulu wosankha ndi wanu, palibe akukana. Koma kodi munthu amene denga lake likudontha, akapatsidwa thandizo n'kuthamangira kumanga khonde latsopano loti odutsa aziliyamikira, tingamutche wanzeru chifukwa choti nyumbayo ndi yake?

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti lamulo mumalidziwa kuposa ine. Boma lalikulu limathandiza kumanga ndi kukonzanso, koma ntchito ya tsiku ndi tsiku, monga kutsegula ngalande, kuchotsa zinyalala m'mipope, kutsuka mchere umene mumathira m'nyengo yozizira kuti chipale chisungunuke, ndi kukwirira maenje, kawirikawiri imatsalira inu eni msewu. Ndiye kuti kanjira kalikonse kamene mukuwonjezera lero ndi ndalama za ku Washington ndi katundu amene mwasenzetsa bajeti ya chigawo chanu kwa zaka makumi ambiri, inu mutapuma kale ntchito. Kodi amene akulephera kusesa mipope ya mlatho umodzi adzasamala bwanji misewu yowirikiza kawiri? Adzalipira ndani? Ana a sukulu amene ali m'basi ija, amene lero simukuwayankha?

Musanene kuti ndikuopseza anthu ndi maloto. M'mawa wa pa 28 January 2022 mlatho wa Fern Hollow mumzinda wa Pittsburgh unagwera m'chigwa pamodzi ndi basi ndi magalimoto angapo, tsiku lomwelo limene Pulezidenti Biden amabwera mumzindawo kudzalankhula za ndalama za misewu ndi milatho. Chisomo chokha n'chimene chinachititsa kuti pasafe munthu, ngakhale kuti ena anavulala. Bungwe la boma lofufuza ngozi, la NTSB, linapeza kuti mipope yotayira madzi inali yotsekeka, madzi ndi zinyalala zinkakhazikika pa miyendo yachitsulo ya mlathowo mpaka dzimbiri linaboola mabowo, ndiponso kuti oyendera mlathowo analemba chenjezo mobwerezabwereza kwa zaka zoposa khumi koma eni mlatho sanachitepo kanthu. Malipoti analipo, zithunzi zinalipo, mainjiniya anasainira. Kodi ankalembera ndani, makoswe a mu ofesi? Ndiye taonani chodabwitsa: utangogwa, ndalama pafupifupi madola 25 miliyoni zinapezeka msangamsanga, ndipo mlatho watsopano unatsegulidwa chaka chisanathe. Ya munthu wotsegula mipope inasowa kwa zaka zonsezo, koma yomangira mlatho wathunthu inapezeka m'masiku owerengeka. Kodi kuti mumve pamafunika kuti basi iyambe yagwera m'chigwa?

Ku Memphis, mu May 2021, anapeza mng'alu waukulu pa chitsulo cha mlatho wa msewu wa I-40 wowoloka mtsinje wa Mississippi. Mlathowo unatsekedwa pafupifupi miyezi itatu, ndipo kwa masiku angapo ngakhale zombo zonyamula katundu zinaletsedwa kudutsa kunsi kwake. Kenaka zinadziwika kuti mng'aluwo unkaoneka kale pa zithunzi za mu 2019, ndipo woyendera mlathowo anachotsedwa ntchito. Munthu mmodzi ndiye anasenza mlandu; nanga amene ankalandira malipoti ake osawafunsa anali kuti? Ku Providence, m'chigawo cha Rhode Island, mbali imodzi ya mlatho wotchedwa Washington Bridge inatsekedwa mwadzidzidzi mu December 2023 atapeza zitsulo zogwirizira zitaduka, ndipo patapita miyezi yochepa analengeza kuti mbali yonseyo iyenera kugwetsedwa. Anthu ogwira ntchito m'zipatala, oyendetsa malole, makolo operekeza ana, onse anasanduka akaidi a mzere wa magalimoto. Ndipo ndani waiwala za pa 1 August 2007 ku Minneapolis, pamene mlatho wa I-35W unagwera mumtsinje n'kupha anthu 13 ndi kuvulaza 145? Zitsulo zolumikizira zinali zopyapyala kuchokera pa mapulani ake, kulemera kunkawonjezeredwa m'kupita kwa zaka, ndipo tsiku limenelo pamwamba pake anaunjikapo mchenga ndi miyala ya ntchito yokonza. Dziko lino lili ndi milatho yoposa 600,000, ndipo yoposa 40,000 inalembedwa kuti ili m'mavuto. Pa yonseyo, wotsatira kugwa ndi uti? Mukuudziwa? Ngati simukuudziwa, riboni mukuithamangira bwanji?

Pa nkhani ya zomanga zonyaditsa ndiye pamachititsa manyazi. Ku Alaska, aphungu a ku Washington anapatula madola 223 miliyoni mu 2005 kuti amange mlatho wochokera ku Ketchikan kupita ku chilumba cha Gravina, kumene kuli bwalo la ndege ndi anthu pafupifupi 50. Dziko lonse litadandaula, mlathowo unalephereka, koma msewu wopita pamene mlathowo ukanafikira unamangidwabe, ndipo umathera m'mphepete mwa madzi. Ku Houston anakulitsa msewu wa Katy Freeway ndi madola 2.8 biliyoni mpaka unakhala umodzi mwa misewu yotakata kwambiri padziko lapansi, koma zaka zochepa zitadutsa magalimoto anadzazanso n'kumakwawa monga kale. Kodi amene mukujambula zithunzi za misewu yotakata lero nkhani imeneyi simunaimve, kapena mukuganiza kuti tauni yanu ili ndi mankhwala ake?

Za sitima zothamanga nazo n'zomvetsa chisoni mbali zonse ziwiri. Lamulo la mu 2009 linaika madola 8 biliyoni pa njanji zoterezi. Chigawo cha Wisconsin chinalandira 810 miliyoni za njanji ya pakati pa Madison ndi Milwaukee, sitima zatsopano zinali zitaodedwa kale, koma bwanamkubwa watsopano, Scott Walker, anakana ntchitoyo. Chigawocho chinalipirabe mamiliyoni ambiri pa sitima zimene sizinanyamule munthu wa ku Wisconsin ngakhale mmodzi, ndipo pomaliza zinakagulidwa ndi boma la Lagos ku Nigeria. John Kasich ku Ohio anakana 400 miliyoni, Rick Scott ku Florida anakana zoposa 2 biliyoni za njanji ya pakati pa Tampa ndi Orlando. Ena mwa iwo ankaopa kuti mtengo woyendetsera sitimazo udzatsalira chigawo, ndipo mantha amenewo pawokha si opusa. Chopusa n'chakuti wina apemphe, asainire, aode katundu, kenaka wolowa m'malo mwake agwetse zonse chifukwa cha chipani, anthu wamba n'kulipira kawiri. Ku California, kumene zina mwa ndalama zokanidwazo zinapita, ovota anauzidwa mu 2008 kuti njanji ya pakati pa San Francisco ndi Los Angeles idzadya pafupifupi madola 33 biliyoni ndipo idzatha pofika 2020. Chaka chimenecho chinafika n'kudutsa sitima isanayende, ndipo mtengo woyerekezedwa unadutsa 100 biliyoni. Kodi amene anatchula manambala oyambawo anayankhapo pamaso pa ndani? Pusi uja anagwa chagada chifukwa cha ichi chakoma ichi chakoma, ndipo inu mukulumphira nthambi zomwezo.

Ndipo ndalama zimenezi musamazitchule ngati mphatso yogwa kumwamba. Msonkho wa boma lalikulu pa mafuta a galimoto ndi masenti 18.4 pa galoni, ndipo sunasinthe kuyambira 1993, pamene mtengo wa simenti, chitsulo, phula ndi malipiro a antchito wakwera mowirikiza, magalimoto akumwa mafuta ochepa, ndipo amagetsi samwa n'komwe. Thumba la misewu limene msonkhowo umalowamo lakhala likuthiridwa ndalama zochokera ku thumba lalikulu la boma kuyambira 2008, ndipo lamulo la mu 2021 lokha linathiramo 118 biliyoni, m'dziko limene bajeti yake imayendera ngongole chaka ndi chaka. Choncho chimene mukumwaza pa zithunzi zokongola ndi ngongole imene zidzukulu zathu zidzabweze. Kodi mudzawasiyira ngongole ndi milatho yowola pamodzi?

Inunso abale anga ochokera kwathu amene mukukhala ku Indiana, ku Texas, ku Maryland ndi kwina konse, musaganize kuti nkhaniyi ndi ya eni dziko okha. Msonkho umadulidwa pa malipiro anu, mafuta mumagula, ndipo ambiri mwa inu mumawoloka milatho imeneyi usiku pochokera ku ntchito, ena mutanyamula katundu wolemera pa malole. Ena ndinu nzika, muli ndi voti. Mndandanda wa ntchito za misewu zimene chigawo chanu chakonza umaikidwa poyera, misonkhano imalengezedwa, ndipo mmene mlatho uliwonse ulili zinalembedwa m'kaundula wa boma amene aliyense angaone pa intaneti. Nanga bwanji pa misonkhano yotere mipando imakhala yopanda anthu, koma pa tsiku lotsegulira msewu mumadzaza kukajambulitsa? Mukaona chikwangwani choletsa kulemera kopitirira muyezo pa mlatho, ena mwa inu mumangodutsa poti njira ina ndi yozungulira. Kodi mukuyesa kuti chikwangwanicho anachiika chokongoletsera? Mukafika pamene anthu akukonza msewu, phazi silichoka pa moto ndipo maso ali pa foni, ngati kuti simunamve za antchito asanu ndi mmodzi amene anaphedwa pa msewu wa I-695 pafupi ndi Baltimore mu March 2023 magalimoto awiri othamanga atagundana. Antchito amenewo anali ndi mabanja awo owadikira kunyumba.

Akuluakulu a zigawo, kuwerengera maenje a m'misewu yanu ndi dzimbiri la pa milatho yanu si ntchito ya Washington, ndi yanu. Lekani kuthamangira lumo ndi riboni. Tsegulani makabati, muwerenge malipoti amene mainjiniya anu analemba, mulembe ntchito anthu otsegula mipope, ndipo mlatho umene sungathenso kunyamula katundu muutseke lero, anthu akwiye ali moyo. Ndinu akuluakulu, chitani manyazi.